Ululu wa mawondo ndi mapazi wawirikiza chiyambire korona, nditani?

Funso ili linabwera mu 2021 kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe wa zaka 56, dzina anapempha kuti tisatchule. Ndalifupikitsa koma mfundo zake ndi izi:

"Adokotala ndithandizeni. Ndavutika ndi mawondo komanso chiuno kwa zaka 5 tsopano, kuchipatala anati ndi nyamakazi. Mapazi nawo amandiotcha usiku ngati ndaponda makala, izi zinayamba kalekale nditangoyamba ma ARV mu 2008. Chiyambire korona ndinasiya kupita ku msika komwe ndimagulitsa tomato ndi anyezi, ku Mvano sindipitanso, ndimangokhala pakhonde. Koma ululu mmalo mochepa wachita kuwirikiza. Ndimamwa indosidi wa pagolosale mmawa ndi madzulo, ukanyanya ndimaphatikiza bufeni, pano chayamba chilungulira. Kuchipatala ndikuopa, anzanga awiri anamwalira mu Januwale. Ma ARV anandipatsa a miyezi 6 nde palibenso chondipititsa. Kodi ndi korona yalowa mmafupa? Nanga katemera wabwerayu munthu wa nyamakazi angabayitse?"

Mayi, choyamba pepani ndi maliro a anzanuwo. Januwale wa 2021 uja tonse anatisiya ndi mantha, pa 12 tsiku limodzi lokha tinataya nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, kenako tinangoona Bingu Stadium ndi State House ya ku Zomba zasanduka zipatala, foni ikalira usiku mtima uli phaa kuti kaya ndi ndaninso. Nde munthu akandiuza kuti akuopa kuchipatala ine sindimuseka ayi. Koma ndawerenga uthenga wanu kawiri ndipo chomwe chandidetsa nkhawa kwambiri si korona, ndi indosidiyo. Tiyambe ndi ameneyo chifukwa ndi amene angakugwetseni msanga.

Indosidi, bufeni, diclofenac ndi aspirin ndi a banja limodzi. Onse amagwira ntchito yofanana, amatseka kapangidwe ka tinthu tina mthupi totchedwa prostaglandin tomwe timayambitsa kutupa ndi ululu. Vuto ndi loti tinthu tomweto ndi tomwe timapangitsa kuti chifu chikhale ndi kachinyezi koterera kochiteteza ku asidi wake womwe, komanso timathandiza kuti magazi aziyenda bwino mu impso. Nde mukamwa kwa masiku atatu anayi bondo litatupa palibe vuto lalikulu, koma mmawa ndi madzulo kwa miyezi, chifu chimakhala pamtunda. Ndipo kuphatikiza awiri, indosidi ndi bufeni, sikuonjezera mphamvu yothetsa ululu, kumangoonjezera chiopsezo basi. Pabanja lonselo indosidi ali mgulu la ankhanza kwambiri pa mmimba, ndipo zimandipweteka kuti ndi yemwe amapezeka pa okala iliyonse, kugulitsidwa mmodzimmodzi ngati maswiti.

Chilungulira chomwe chayambacho ndi belu. Ndinalandirapo mayi wina wamkulu pang'ono kwa inu, anabwera atamunyamula pa kabaza manja ali mbuu ngati wakanda ufa, maso mkati oyera, akuti wangoyamba chizungulire potunga madzi. Titamufunsa za kuchimbudzi ndi pomwe ananena mwamanyazi kuti kwa sabata chimbudzi chimatuluka chakuda ngati phula, chonunkha modabwitsa, iye amaganiza kuti ndi chisoso chomwe anadya. Anali magazi akutayika mmimba pang'onopang'ono. Mkachikwama kake munali timapepala ta indosidi totha kale, tambirimbiri, atatimanga ndi labala. Tinamuika magazi anachira, koma akanachedwa masiku awiri nkhani ikanakhala ina. Nde inu ngati mwaona chimbudzi chakuda chonchi, kapena kusanza zooneka ngati khofi, kapena kufooka ndi chizungulire mukaimirira, musadikire mawa, pitani lero, korona kaya ilipo kaya palibe.

Palinso nkhani ya impso. Ma ARV omwe anthu ambiri akumwa pano, a piritsi limodzi aja omwe kuchipatala timati 13A, ali ndi tenofovir mkati, ndipo tenofovir amatuluka mthupi kudzera mu impso. Payekha kwa anthu ambiri savuta, koma mukamuonjezera indosidi tsiku ndi tsiku impso zikusenza katundu wa anthu awiri, ndipo impso sizilira msanga, zimaonongeka mwakachetechete mpaka miyendo idzayambe kutupa. Ma ARV musasiye olo tsiku limodzi. Wosiya ndi indosidi ndi bufeni, lero lomwe.

Nanga mumwe chani? Panado. Mapiritsi awiri a 500mg, pakatha maola 6 ena awiri, osapitirira mapiritsi 8 pa tsiku lonse usiku ndi usana. Ngati sikelo yanu siikwana 50kg kapena mumamwako mowa kapena munadwalapo chiwindi, chepetsani ndipo mufunse kuchipatala mulingo wanu. Samalaninso ndi mankhwala a chimfine omwe anthu akumwa kwambiri masiku ano, ambiri mkati muli panado yemweyo, munthu amapezeka wamwa kawiri osadziwa. Sindikunamizani, panado pa nyamakazi ndi wofooka, ena amawathandiza pang'ono chabe, ndipo sabata yoyamba mutasiya indosidi mudzanditukwana mumtima. Ngati thumba lilola, ku famase kuli diclofenac wopaka, wa mu chubu, ameneyo pa bondo amagwira bwino ndithu ndipo wolowa mmagazi ndi wochepa kwambiri kuyerekeza ndi wakumwa. Pa chiuno sathandiza kwenikweni poti malo opwetekawo ali mkati.

Ndichenjezeretu za prednisolone, poti mu 2021 ndinamva akuyenda kwambiri mmakomo, ena akuti ngwa nyamakazi ena akuti ngoteteza korona. Amapusitsa chifukwa masiku oyamba munthu umamva ngati wabadwanso, koma amakweza shuga, amakweza BP, amafewetsa mafupa, amatsitsa chitetezo cha mthupi nthawi yomwe tikuchifuna kwambiri. Anthu anamva kuti dexamethasone akupulumutsa odwala korona, zoona, kafukufuku wa ku Britain anaonetsa zimenezo mu Juni 2020, koma ndi kwa odwala omwe ali pa oxygen mchipatala, osati munthu ali bwinobwino pakhonde. Ndipo amene wamwa kale prednisolone kwa masabata angapo asasiye mwadzidzidzi, amasiyidwa motsitsa pang'onopang'ono adokotala akuona.

Tsopano funso lanu lija, kodi korona yalowa mmafupa? Ayi mayi. Korona imaphwanya thupi inde, koma kumakhala kuphwanya kwa thupi lonse kobwera ndi kutentha thupi, chifuwa, mutu, ena kusamva fungo ndi kukoma kwa chakudya, ndipo alipo ena omwe akachira amatsala ndi kutopa ndi kuphwanya kwa miyezi. Zanuzi ndi mawondo omwewo, chiuno chomwecho, mapazi omwewo a zaka zonsezi. Chomwe korona inachita kwa inu ndi kukukhazikani pansi, ndipo kwa munthu wa nyamakazi palibe choipa kuposa chimenecho.

Ndifotokoze. Mukamadya nkhuku, kumapeto kwa fupa la mwendo kuli kafupa koyera kofewa koterera komwe ana amakonda kukukuta. Mmawondo mwathu mulinso komweko, ndi komwe kamapangitsa kuti mafupa asakhulane. Kameneka kalibe mitsempha ya magazi, kamadya kuchokera ku timadzi ta mu bondo, ndipo kamadya ngati siponji, mukaponda kafinyika, mukanyamula phazi kayamwa. Munthu wongokhala ndiye kuti siponji ija sikufinyidwa. Pamwamba pa apo minofu ya ntchafu, yomwe ndi imene imagwira bondo kuti lisagwedere, imafota msanga zedi ikasiya kugwira ntchito, masabata ochepa okha kusiyana kumaoneka. Inu mwakhala pafupifupi chaka. Kale mumadzuka mmamawa, kukapikula, kuyenda, kuimirira, kuwerama posanja tomato, kukhala, kudzukanso kasitomala akabwera, amenewo anali mafizo a ulere tsiku lililonse osadziwa. Ndikukhulupiriranso kuti sikelo yakwerako, poti nsima sinachepe koma kuyenda kunatha, komanso dolutegravir wa mu 13A amanenepetsa anthu ena makamaka azimayi. Ofufuza a ku America mu 2005 anapeza kuti kilo imodzi ikachoka pathupi, katundu wotsikira pa bondo amachepa ndi pafupifupi makilo 4 pa phazi lililonse lomwe mwaponda. Muwerengere nokha mbali inayo, makilo 5 oonjezera.

Koma si mawondo okha. Apa ndi pomwe odwala ambiri amandiyang'ana ngati ndawanyoza, nde mundimvetse bwino. Ululu womwe wapitirira miyezi itatu timauwerenga ngati matenda paokha, chifukwa mitsempha yonyamula uthenga wa ululu ndi ubongo womwe umaulandira zimasintha. Mukudziwa galu wa pakhomo pomwe panabwerapo akuba namumenya. Galu ameneyo sagonanso, tsamba la mango likagwa pa malata auwa, mphaka akadutsa auwa, mwini nyumba akatsokomola auwa. Kuuwako ndi kwenikweni, mudzi wonse ukumva, koma sikuti nthawi zonse kwabwera wakuba. Mitsempha ya munthu yemwe wamva ululu kwa zaka 5 ili ngati galu ameneyo. Ndipo zomwe zimamuonjezera ukali zimadziwika, kusagona, nkhawa, chisoni, kusungulumwa. Tayang'anani chaka chomwe mwadutsamo, bizinesi yaima, ndalama yavuta, anzanu awiri mwaika mmanda mwinanso osaloledwa kuona nkhope kapena kugona pa siwa monga timachitira, wailesi madzulo aliwonse ikuwerenga manambala a omwalira, pa WhatsApp mavoisi oopseza. Sindikunena kuti ululu wanu ndi wa mmaganizo kapena mukunamizira, amene angakuuzeni choncho sadziwa ntchito. Ndikunena kuti kukula kwa ululu sikufanana nthawi zonse ndi kukula kwa choonongeka mu bondo. Ndaonapo ma X-ray oopsa a agogo omwe akulima bwinobwino, ndi ma X-ray ooneka bwino a anthu omwe akulephera kudzuka pa mkeka.

Mu 1965 akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza kuti mu msana muli ngati kachipata komwe uthenga wa ululu umadutsa popita ku ubongo, ndipo uthenga wina, monga wa kukhudza kapena kutentha, umatha kukatseka pang'ono. Agogo athu sanawerenge zimenezo koma amadziwa kuthowa ndi kutikita. Nde kuthowa mawondo ndi chiuno ndi kansalu ka madzi ofunda mmawa musanayambe kuyenda, chitani, ndi mankhwala enieni. Ubongo nawo umatha kutseka kapena kutsegula kachipata kaja kuchokera kumtunda, ndi chifukwa chake pa msika mukukangana mtengo ndi kasitomala kapena mukuimba ku Mvano bondo limaiwalika, koma usiku muli nokha chete limalankhula mokweza.

Nde mankhwala aakulu ndi kuyambanso kuyenda, koma pali kayendedwe kake, chifukwa ndikudziwa zomwe zimachitika. Munthu wadzuka tsiku lina ululu wachepa, akuti lero ndiye lero, achapa mabulangeti onse, akolopa nyumba yonse, asesa mpaka kumsewu, madzulo bondo latupa ngati dzungu, masiku atatu ali gone, kenako akuti mwaona, ndikagwira ntchito ndimadzipweteka, bola kungokhala. Ulendo wotsatira mphamvu zachepanso kuposa poyamba. Njira yake ndi kuyenda ndi muyeso osati ndi mmene mwadzukira. Tengani foni kapena wotchi, kwa masiku atatu yendani pamalo osakwera mmene mungathere osadzikakamiza, muone mphindi zingati musanafune kukhala pansi. Tinene kuti zatuluka 10. Musayambe ndi 10, yambani ndi 8, mmawa ndi madzulo, tsiku labwino 8, tsiku loipa 8 yomweyo olo mukuyenda ngati kamba. Tsiku labwino ndi lomwe limavuta kudziletsa. Sabata ikatha onjezerani mphindi imodzi kapena ziwiri. Zikuoneka zachibwana eti, koma pakatha miyezi iwiri itatu mupezeka mukuyenda theka la ola. Kuyenda panja mmamawa kulibe anthu ambiri si komwe korona imafalira kwambiri, imakonda mnyumba zotsekeka modzaza anthu. Muitane mnzanu mmodzi wa ku Mvano muziyenda limodzi motalikirana pang'ono masiki kukamwa, mwapha ululu ndi kusungulumwa pa ulendo umodzi.

Za pakhomo ndikupatsani ziwiri zokha, poti ndikakupatsani khumi simuchita olo imodzi. Yoyamba, khalani pa mpando wolimba wautali bwino, osati sofa yomira kapena kampando ka kukhitchini, imirirani, khalaninso pang'onopang'ono osadzigwetsa, kasanu. Poyamba gwirani ndi manja, pakapita masiku yesani manja ali pachifuwa, muzionjezera mpaka kufika 10 kapena 15. Yachiwiri, muli pa mpando pomwepo ongolani mwendo umodzi mpaka uwongoke, zala zitaloza kumwamba, limbitsani ntchafu muwerenge mpaka 5, tsitsani, kakhumi mwendo uliwonse. Mungachite mukusankha nyemba kapena kumvera wailesi. Ululu ukakwera pang'ono pochita si vuto, lamulo ndi loti pofika mawa nthawi ngati yomweyo ukhale wabwerera pomwe unali. Ukapitirira kapena bondo likatupa ndiye kuti mwachulutsa, bwererani mmbuyo pang'ono koma osasiya. Kukhala pansi pa mkeka miyendo itapindidwa nthawi yaitali, kunjuta pochapa kapena pophika pa mbaula, izi chepetsani, kwezani beseni pa tebulo kapena pa njerwa. Ndodo si manyazi, ndipo igwireni dzanja la mbali yomwe bondo lili bwinoko, ambiri amagwira mbali yolakwika.

Tibwere ku mapazi, chifukwa amenewo ndi nkhani ina, ndipo indosidi yense munamwa uja sanawakhudze olo pang'ono. Kuotcha, kubaya ngati singano, dzanzi, kumva ngati mwavala sokosi pomwe simunavale, umenewo ndi ululu wa mitsempha yeniyeniyo itavulala. Mwati munayamba ma ARV mu 2008, nthawi imeneyo pafupifupi aliyense kuno amayamba ndi Triomune, momwe munali stavudine, ndipo stavudine amadziwika ndi kuononga mitsempha ya kumapazi, nchifukwa chake dziko linamusiya nkusamutsira anthu ku ma ARV ena otchedwa 5A cha mma 2011 mpaka 2013. Anapulumutsa miyoyo yambiri, tisamunyoze, koma anasiya zipsera ndipo kwa ena kuotchako sikunathe olo anasintha mankhwala. Kachirombo ka HIV pakokha kamathanso kuchita zomwezo. Komabe poti mukuti zawonjezeka chiyambire korona, ine sindingangoloza stavudine wa kalekale uja nkukhala chete. Pa zaka 56, thupi litakwera, muyezetse shuga. Shuga amaotcha mapazi chimodzimodzi ndipo ndi amenenso amapangitsa korona kukhala yoopsa, anthu ambiri omwe tinawataya mu Januwale anali a shuga ndi BP, ena osadziwa nkomwe kuti ali nazo. Ngatinso anakupatsani isoniazid, mankhwala opewera TB aja, amayenera kuyenda limodzi ndi pyridoxine, kapiritsi ka vitamini B6, popanda iko mapazi amayaka.

Mankhwala omwe timayamba nawo pa ululu wa mtundu uwu ndi amitriptyline, kamulingo kochepa, kawirikawiri theka la piritsi la 25mg usiku pokagona, nkumakweza pang'onopang'ono. Wina akadzawerenga pa intaneti adzakuuzani kuti akupatsani mankhwala a matenda a maganizo, zoona anapangidwira zimenezo pa mulingo waukulu, koma pa mulingo wochepa amatontholetsa galu uja ndipo amathandiza tulo. Amaumitsa kukamwa, mmawa mumadzuka ndi kaulesi masiku oyamba, ena amadzimbidwa, ndipo sagwira tsiku lomwelo, mpatseni masabata awiri mpaka anayi musanamuweruze. Si wogula pa okala, akulembereni adokotala atamva za mtima wanu ndi maso anu poti kwa ena sayenera.

Chenjezo limodzi la mapazi, kuthowa kuja ndati nkwabwino pa mawondo, pa mapazi a dzanzi samalani. Ndinaonapo bambo wina miyezi yozizira atawotha mapazi pa mbaula mpaka kutuluka matuza iye osamva kanthu, anadzazindikira ndi fungo. Madzi muziyesa ndi chigongono, musayende opanda nsapato olo pabwalo panu, ndipo usiku uliwonse yang'anani kuphazi ndi pakati pa zala ngati pali bala. Mphini pa mapazi oterewa ayi ndithu, bala lake limavuta kupola.

Zonsezi zikutanthauza kuti ulendo umodzi wa kuchipatala sungalephereke. Ndikudziwa minibasi inakwera mtengo atachepetsa anthu okwera, ndikudziwa mantha, nde tiyeni ulendowo ukhale umodzi koma wokonzekera. Musanapite mutha kuimba ku Chipatala Cha Pa Foni (mu 2021 nambala inali 54747, pa Airtel inali ya ulere), muwafotokozere akuuzeni poyambira. Tsiku lopita valani masiki yophimba mphuno ndi kukamwa osati ya pachibwano, mu minibasi khalani pa windo lotsegula, podikira khalani panja pa mphepo ngati nkotheka. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapepala a mankhwala onse omwe mwakhala mukumwa, a pagolosale ndi azitsamba omwe, musabise, sitikumenyani. Lembani pa kapepala zinthu izi chifukwa mukalowa mkati mzere uli kumbuyo mudzaiwala: ndamwa indosidi ndi bufeni kwa miyezi yakuti, ndili ndi chilungulira, ndikupempha kuyezedwa kuchuluka kwa magazi, impso, shuga ndi BP, mapazi amaotcha usiku. Mawu oti miyezi yakuti aja ndi ofunika kwambiri. Mwina adzakupatsani omeprazole wa mmimba kwa masabata angapo. Funsaninso ngati angakutumizeni kwa a mafizo, ku Kamuzu Central alipo, olo mutakumana nawo kamodzi kokha akuonetseni ndi manja zomwe ine ndikulemba ndi mawu, zokwanira kukapitiriza kunyumba.

Pali zizindikiro zina zomwe zikabwera pa munthu wa msana kapena chiuno sitidikira tsiku lokonzekera. Miyendo kufooka mwadzidzidzi kapena kukoka phazi, mkodzo kapena chimbudzi kutuluka osamva kapena mkodzo kukanika, dzanzi pakati pa miyendo pomwe timakhalira pa njinga, msana kupweteka usiku osasintha olo mutembenuke bwanji limodzi ndi kutuluka thukuta usiku ndi kuonda, imeneyo ikhoza kukhala TB ya msana ndipo kuno si yachilendo makamaka kwa omwe tili nawo pa ma ARV. Bondo limodzi kutupa, kutentha, kufiira thupi likutenthanso, nalonso ndi la tsiku lomwelo. Ndipo kubanika popuma, chifukwa chake chikhale chilichonse.

Ndipatuke pang'ono chifukwa ndikudziwa akuwerenga pano si a nyamakazi okha. Amene muli ndi wodwala khansa kapena matenda ena aakulu yemwe ali pa morphine wakumwa, musalole botolo lithe chifukwa choopa korona. Morphine sasiyidwa mwadzidzidzi, ululu umabwerera ndi ukali komanso thupi limavutika, thukuta, kutsegula mmimba, kusakhazikika. Malo osamalira odwala otere ngati Tiyanjane ku Queens, Ndi Moyo ku Salima ndi makiliniki a palliative care a mzipatala za maboma amadziwa kuti wodwala sangayende nthawi zonse, funsani ngati womusamalira angapite ndi buku kukatenga, ndipo pitani botolo lisanafike pansi. Koma kwa inu mayi a nyamakazi, morphine kapena tramadol si njira, pa ululu wa zaka ngati wanu phindu lake limachepa msanga nkutsala chizolowezi, nde wina akakuuzani kuti ali ndi tramadol wotsala wa malemu, mukane mwaulemu.

Za jinja, mandimu, adyo ndi kufukiza nthunzi ya masamba a bulugamu simunafunse koma ndikudziwa mu 2021 zimachitika pafupifupi nyumba iliyonse. Tiyi wa jinja imwani ngati mumamukonda, koma sateteza korona, ndipo kwa inu panopa mandimu ambiri ndi adyo wamuwisi mmimba mopanda kanthu ndi kuthira tsabola pa bala. Za nthunzi tinalandira ana ndi akulu omwe atapsa ndi madzi a mpoto pansi pa bulangeti.

Tulo musatitenge mopepuka, usiku umodzi wosagona mawa lake ululu umakwera, zimenezi odwala anga amazidziwa kuposa ine. Foni izigona pabalaza. Manambala a korona mukamva kamodzi pa tsiku akwana, simuli mu komiti ya a pulezidenti kuti muziwatsata ola lililonse. Masana musagone nthawi yaitali pakhonde paja. Pogona chammbali ikani pilo kapena chitenje chopindapinda pakati pa mawondo, chiuno chimapuma. Ndipo ngati mwaona kuti chisoni chakhazikika, simukufuna kudya, kusamba, kulankhula ndi anthu, kapena maganizo oti bola kufa akubwera, chimenechonso chilembeni pa kapepala kaja, ndi matenda ochizika ndipo amayenda limodzi ndi ululu kawirikawiri kuposa mmene anthu amavomerera.

Katemera. Bayitsani. Woyamba anafika pa 5 Malichi 2021, madozi 360,000 a AstraZeneca, ndipo a Chakwera, omwe anali pulezidenti nthawi imeneyo, anabayitsa pa 11 ku Zomba anthu akuona. Nyamakazi siletsa, ma ARV saletsa, mulibe kachirombo ka korona kamoyo mkati moti nkukudwalitsani korona. Ine ndinabayitsa, mkono unalemera ngati ndasenza thumba la simenti, usiku kunabwera kuzizidwa ndi kuphwanya thupi, tsiku lachiwiri madzulo ndinali bwino. Ndikuuziranitu chifukwa munthu wa ululu wa nthawi yaitali masiku awiri amenewo amatha kuwamva kwambiri kuposa ena, mawondo ndi chiuno zimadzuka zonse, nde musadzaganize kuti katemera wakulitsa nyamakazi. Panado, madzi ambiri, kupuma, zimadutsa. Wa AstraZeneca uja ankabayidwa kawiri, kakhadi komwe adzakupatseni musunge mu buku la kuchipatala, ndipo masiki musataye mutabayitsa. Muwauze obaya ngati munayamba mwatupapo kapena kubanika mutalandira jakisoni wina mmbuyomu.

Za msika, sindikuuzani kuti mubwerere mawa tsiku lonse, miyendo yomwe yakhala chaka singapirire. Koma benchi lanu musagulitse. Mukafika poyenda mphindi 20 osavutika mawa lake, yambani ndi theka la tsiku kawiri pa sabata, mmawa, wina akupikulireni kuti musasenze dengu. Pitani ndi mpando wautali bwino osati kukhala pa chidebe chovundikira, tomato akhale pa benchi osati pansi, ndipo kaya kasitomala alipo kaya palibe, theka la ola lililonse imirirani muzungulire benchi kamodzi.